Shafuti ya Chigayo cha ku Bembeke

Lachiwiri, mwezi wa Juni. Nkhungu yatsika m'phiri,
yadzakhala pakhomo pa shedi yathu ngati wodzalonjerera ngongole.
Ndamanga shafuti ya chigayo m'chaki,
ndakankha mpeni pang'ono chabe,
makina ayamba:
gwe-gwe-gwe-gwe,
ngati mano a mwana wosambitsidwa m'mamawa kuno ku Dedza.

Ndazimitsa. Ndayendetsa chala.
Chitsulo chofunika kutuluka see ngati botolo
chatemedwa mphini thupi lonse,
timizere timizere, msewu wafumbi mvula itatha.
Beyaring'i sangakhale pamenepa.
Ndipo a Kamtsitsi ati afika ndi minibasi ya folo koloko,
anthu awo akukagayitsa kutali chiyambire Lachisanu.

Choyamba ndanamizira mpeni.
Ndaunola, ndauchepetsa mphuno,
ndaubweza m'kati kuti usatalikitse khosi ngati kakowa,
ndapanikiza lula pakati pa nsonga ndi chitsulo
kuona ngati uli pamchombo penipeni.
Lula waima njo.
Gwe-gwe-gwe.

Ndasamutsa lamba, liwiro latsika,
nyimbo yangosintha mawu, yalowa m'besi.
Ndakankha nsonga ya kumchira, ndaipaka girisi,
ndamanga timabawuti ta m'mbali kamodzikamodzi
mpaka chogwirira chauma.
Chaki ndachigwedeza ndi manja awiri ngati dzino lofuna kuzula,
sichinasunthe.
Nyenyeswa zikungothothoka zodukaduka, zabuluu, zamoto,
ina yandigwera m'kolala.
Mawu amene ndanena sindingawalembe pano.

A Chimphepo ali pa benchi lawo pakona,
chikhoti mpaka m'makutu.
Zaka makumi atatu anasema zitsulo pa makina omwewa,
lero manja awo sasunga ngakhale sipanala,
amanjenjemera okha popanda wowayatsa.
Chiyambire m'mawa sanandiuze kanthu.
Tsopano akuti,
"Mwandida, tenga tiyi wangayu,
umukhazike pamsana pa makinawo."

Ndamukhazika. Ndayatsa, mpeni osakhudza kanthu.
Tiyi wachita makwinya,
akuvina yekha m'kapu, kufuna kudumpha mlomo.

"Gwada," atero.

Ndagwada m'oyilo ndi m'fumbi.
Phazi lakumbuyo, lakumchira, lili m'malere.
Pepala lingadutse pansi pake osapindika,
simenti inang'aluka kalekale.
Pamenepo ndakumbukira Loweruka,
ine ndi tsache langa,
kachidutswa ka khasu lakutha kosuzumira pansi apo
kamene ndinakazula ndi pulayala
n'kukaponya m'thumba la zitsulo zogulitsa,
ndikudzitama kuti shedi yayera.

"Ndinakakhoma ine kameneko," akutero,
"chaka chimene amako ankakwatiwa."
Sakuseka. Kapena akuseka,
chikhoticho chabisa pakamwa.

Mnyamata wogula zitsulo anadutsa kale dzulo,
khasu lija pano lili pa sikelo kwina.
Ndadula kena ku sipuling'i ya lole,
ndakasongola ngati mphero ya nkhwangwa,
ndakakhoma katatu. Kanayi.

Tiyi wagona.

Mwayi, ndinali nditasiya nyama pang'ono pa shafuti.
Mpeni walowa mwaulemu, uku ukunong'ona,
chingwe cha chitsulo chikutuluka chachitali, chosaduka,
chopotana ngati cha maungu chofuna pogwira.
Ndathira oyilo, kautsi kakwera.
Mphini zikufufutika imodzi ndi imodzi kumbuyo kwa mpeni,
mpaka ndaonamo babu la padenga,
ndi chipumi changa, chakuda bii.

A Kamtsitsi afika hafu pasiti faifi, ufa m'nsidze.
Ayendetsa chikhadabo uku ndi uku,
sichinakodwe paliponse.
Ati mtengo wakwera.
Ndawachotserako faifi handiredi, anyamula, apita.

A Chimphepo aitanitsa tiyi wawo. Wazizira.
Pomunyamula, theka watayikira pa chikhoti,
wina pansi, pafupi ndi phazi lija.
Ndayang'ana manja awo,
ndayang'ana zidutswa za sipuling'i zotsala pa tebulo.
Ndapita kukatereka wina.