Mpesa wa Kuseri kwa Chigafa

Atate anaubweretsa m'thumba la jekete,
kamtengo kotalika ngati chala chamkombaphala,
kokulungidwa m'sokosi yonyowa,
kuchokera ku minda ya ku Kepi
komwe anathyola mphesa zaka zisanu ndi ziwiri
osalawako zomwe zinkagona m'migolo ya bwana.
Pachipata msilikali atafunsa,
iwo anati ndi mswachi.

Anaubzala kuseri kwa chigafa, kuno kwa Chulu,
chaka chomwe ine ndinkaguluka mano.

Chiswe chinauyesa.
Moto wa anyamata osaka mbewa unaunyambita mbali imodzi.
Usiku wina njovu zinathyola waya wa kupaki,
zinatsiriza chimanga cha Nasimango, zinagwetsa nkhokwe yathu,
koma pa iwo zinangosiya ndowe yofuka nthunzi,
atate nkuseka, amvekere alendo alipira malo ogona.

Ine ndinapita kukaphunzira zaulimi.
Ndinabwera pa njinga yamoto ya boma,
kope m'khwapa, cholembera kukhutu,
ndinayeza: mpesa umodzi, zaka makumi atatu,
ndowa imodzi ndi theka.
Ndinati zulani, a Tadeyo, apa palowe nazale ya fodya.
Ndinawatchula dzina, monga ndinkatchulira alimi onse.
Iwo anapitiriza kunola mpeni pamwala,
kenaka anafunsa ngati ndamwako madzi.

Lero thunthu lake lapotana ngati chingwe cha ngolo,
khungwa likusendeka lokha.
Mipesa yanga ya m'machubu, yomwe ndinagula ndi penshoni,
imabereka mpaka kuthyola mitanda,
mphesa zake zonenepa, zowala, madzi okhaokha.
Wakalewu umapereka monyinyirika,
timatsango tochepa,
timphesa takuda ngati maso a mbuzi,
khungu lolimba loti pumbwa amajompha kawiri asanaboole.
Mizu yake sindidziwa komwe inafika.
Mwezi wa Okutobala chitsime chathu chimauma,
iwo uli biriwiri.

Ndinafinya ndi manja m'beseni la malemu amayi,
makoko ndi njere momwemo,
ndinavundikira ndi chitenje, ntchentche zikuchita msonkhano.
Masiku khumi chigubu chinkalankhula chokha m'chipinda.
Kenaka chinakhala chete
dzinja lonse, masika onse,
kufikira mphepo ya Juni ino.

Taonani m'kapu yamalatayi.
Nyali siidutsamo.
Ndi wofiira wopita kukuda, ngati magazi a pachiwindi,
ndipo ukapendeketsa amatsika mwaulesi m'mbali mwa kapu.
Kununkhira kwake ndi kwa chigafa fodya atangophulidwa,
kwa katondo mvula yoyamba itamuwaza.
Pa lilime amayamba ngati nthudza yakupsa,
kenaka nkumanga m'kamwa ngati suku lofulumira kuthyola,
nkukhala pamenepo, osachoka,
ngati mlendo wodziwa kuti nyumbayi anamanga nawo.

Mlamu wanga Lefani walawa, wakwinya nkhope,
akuti bwanji osathiramo shuga.
Wapempha kapu yachiwiri.

Atate sanalawepo wotere.
Wawo ankawawasa, ankamwa asanakhwime,
mtima unkawathamangira kubwezera zaka zisanu ndi ziwiri zija.
Zinatengera mpesawu kukalamba, iwo nkupita,
ine nkutaya kope lija,
kuti ludzu la ku Kepi lipeze chomwera.

Mabotolo atuluka asanu ndi limodzi.
Limodzi ndi la Nasimango, chifukwa cha chimanga chija.
Limodzi ndakwirira pansi pa bedi, sindikudziwa ndikudikira yani.

Mawa ndidzuka nkhuku zisanatsike,
ndikasadze nthambi ndi mpeni wawo uja,
womwe watha mpaka kutsala ngati tsamba la bango.
Ndidzasiya maso awiri pa nthambi iliyonse, monga ankachitira.
Kanthambi kamodzi ndidzakulunga m'sokosi yonyowa:
mwana wanga Tiyanjane akukwera basi Lachisanu,
akuti wapeza ganyu ku minda ya mphesa.