Chochotsedwa

Ku Tartu dzuwa la Januwale limadzuka mochedwa ngati wodwala,
koma nsomba sizilidikira.
Nyali za m'chipinda chapansi zikangoti ngwee
tinsomba tamizeremizere timathamangitsana m'matanki,
mazira n'kumagwa, waa, ngati mchere wotayika.

Leelo Pärn amawawola ndi kasefa ka tiyi.
Ali ndi mphindi makumi anayi basi
dzira lisanagawike pawiri n'kuyamba kuyendera zake.

Amawandandalika m'kangalande,
amaweramira pa maikulosikopu,
amabenthula nsonga ya singano yagalasi
yoonda kuposa tsitsi la khanda.
Phazi pa chopondera: fu. Kadontho kalowa.
Fu. Dzira lina. Fu.
M'kadonthomo muli lumo losaoneka
ndi kakalata kolilondolera njira:
pakati pa zilembo zoposa biliyoni
upeze makumi awiri izi,
udule pomwepo.

Kaarel, mnyamata wophunzira ntchito,
chipale chikusungunukabe pachipewa,
anafunsa tsiku lina:
Bwanji timayamba taononga kuti tidziwe?
Leelo sanadzutse mutu.
Jini likakhalapo silinena ntchito yake, anatero.
Ulichotse, uone chimene chileke kuchitika.

Mawa lake mazira asanu ndi atatu alowa m'timachubu.
Makina amatenthetsa, kuziziritsa, kutenthetsanso,
maulendo makumi atatu ndi asanu,
mpaka kunong'ona kwa DNA kusanduka phokoso la khamu.
Kenako magetsi amakoka tizidutswa m'phala loonekera;
tating'ono timathamanga, tatikulu timatsalira m'mbuyo.
Pansi pa kuwala kwa buluu
mizere iwiri pamene panali umodzi.
Lumo ladya.

Tsiku lachitatu kamwana ka nsomba kali mbee ngati madzi,
ukhoza kukawerenga mpaka mkati.
Maso alipo. Msana wawongoka.
Mtima ukugunda, inde,
koma magazi akupita n'kubwerera, kupita n'kubwerera,
ngati munthu amene waiwala chimene wadzera pakhomo.
Leelo akulemba m'kope ndi pensulo:
makumi anayi ndi kamodzi mwa makumi asanu ndi limodzi,
kachitseko ka mumtima sikanamere.
Kaarel akuomba m'manja, magolovesi ali m'manja momwemo.
Iye akungoti: Tibwerezanso Lolemba.

Chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.
Kuntchito amaphwetsa zitsime dala
ndipo amalandira malipiro mwezi ukatha.

Folo koloko, kunja kwada kale.
Akuoloka mlatho wa Emajõgi, madzi ataumira pansi pake,
akukwera masitepe asanu aja a ku Annelinn
wekha mpweya ukumutsogolera, woyera.
Aavo anamwalira masamba akugwa.
Palibe anasankha malo odula,
palibe anasiya nyumba ina yosakhudzidwa pambali
yoti ayerekezere nayo.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
sankadziwa kuti chitseko cha bafa chimalira.
Sankadziwa kuti duwa la pawindo limapendekera kumodzi
pakapanda wolitembenuza Lamlungu,
kuti mlongo wake wa ku Võru saimba yekha foni,
ankachita kukumbutsidwa.
Zimatulukira chimodzichimodzi, mosafulumira,
zazing'ono patsogolo, zazikulu zikubwerabe.

Usiku uno ndi chitsulo chotenthetsera m'chipinda.
Pansi chafunda, pamwamba chili zii,
mkati mukumveka kulira ngati m'mimba mwa wanjala.
Akufufuza m'madilowa, m'chitini cha mabatani,
mpaka m'thumba la jekete imene sanaichotsebe pa msomali:
kakiyi kamkuwa, kochepa ngati chikhadabo.
Akukapotoza pang'ono.
Mpweya wa miyezi itatu ukutuluka, fyuu,
kenako dontho lakuda pa chala.
Kutentha kukukwera pang'onopang'ono pansi pa chikhatho chake.

Izi salemba m'kope.

Akutchera wotchi.
Kumatanki kuja wasiya zazimuna mbali ino, zazikazi mbali iyo,
kagalasi pakati, mumdima,
ndipo m'mawa pafunika dzanja
loti likakachotse.