Anagona Muno Ndani?

Ndafika pakhomo pa aNajere nkhungu isanachoke pa Lizulu,
tabuleti m'manja, nambala ya choko ikadali yonyowa pachitseko.
Iwo akusankha kachewere,
wovunda uko, wabwino m'thumba.

Mutu wa banja ndani, mayi?
"Binwelo."
Ali kuti?
"Ku Joni. Chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi."
Ine ndikulemba okhawo anagona muno.
Aseka osakweza maso:
"Malata awa ndi ake.
Mvula ikamagwa usiku ndimamva ngati akuyankhula."
Ndafufuta Binwelo, ndalemba iwo.

Ana alipo angati?
Ayala kachewere pamphasa, mmodzi mmodzi:
Sekerani, Zelifa, Tiferanji, Lonjezo.
Onse obereka nokha?
"Zelifa ndi wa malemu mng'ono wanga,
koma bere anayamwa ndi lomweli."
Makina akuti ndisankhe:
mwana, mdzukulu, wachibale wina.
Wachibale wina, ndatero mokweza, mwachizolowezi.
Mtsikanayo ali poteropo, akutsuka mbale.
Mbale zasiya kulira.

Nanga mnyamata akusenza matumbayo?
"Joakimu. Kwawo ndi tsidya la msewu."
Msewu womwewu, phula lomweli,
kuno Malawi, uko Mozambiki,
nkhuku zimangowoloka popanda chiphaso.
Ndi ndani wanu?
Aganiza mpaka lole ya kabichi yadutsa.
"Anabwera kudzafuna ganyu, mvula inamutsekereza.
Papita zaka zitatu.
Akadwala, wochezera ndine."
Pamndandanda patsala mawu amodzi okha:
si wachibale.
Ndadina msanga, osawerenga mokweza.

M'dzanja mwawo mwatsala kachewere wina,
kakang'ono ngati dzira la njiwa.
Pali winanso?
"Analipo mwezi watha."
Funso lake lili kutsogolo, mayi,
tikamaliza za madzi akumwa ndi chimbudzi.
Agwedeza mutu.
Sanamuike m'thumba, sanamutaye kwa wovunda,
amumanga pamfundo ya chitenje
pamene amasunga ndalama.

Pondiperekeza andifunsa:
"Ndiye boma lapeza kuti tilipo angati?"
Asanu ndi mmodzi.
"Iyayi mwanawe, asanu ndi atatu.
Koma lemba zako, usachotsedwe ntchito."

Madzulo ndakwera pachulu kusaka netiweki,
manambala apita ku likulu, alandiridwa, palibe cholakwika.
M'kachipinda ka lendi ku Biriwiri
ndadzilemba ndekha m'mutu:
mutu wa banja, ine; ena, palibe.
Koma ku Kasinje, mnzanga wina wa chipewa ngati changachi
wakhala pakhonde pa amayi,
ndipo ndikudziwa akukangana naye,
akumulozera mphasa yanga yopinda pakona,
akuti iyeyo amagona apa,
wangopita kukawerenga anthu.