Dzina la m'Kaundula

Pa chipatala cha Nsanje kalaliki anadzutsa mutu:
"Gotobedi? Kwanu n'kuti inu?"
Ndinati konkuno, ku Chiromo,
komwe Ruo amakhuthulira matope ake mu Shire.
Anaseka, n'kulemba molakwitsa.

Dzinali linabwera pa sitima ya pamadzi,
litavalidwa ndi mzungu wofiira khosi
amene ankakonza injini, thukuta lili kamukamu.
Agogo awo a bambo anga ankamudulira nkhuni
n'kumaponya m'ng'anjo usiku wonse
kuti mabelo a thonje akafike ku Chinde.
Tsiku la msonkho wolemba anafunsa dzina.
Iwo, Chingerezi osachimva, anangoloza bwana wawo,
ndipo cholembera chinathamanga kuposa pakamwa.

Mzunguyo malungo anamugwetsa chaka chachitatu.
Anamuika patsinde pa mgwalangwa,
mwala wake madzi osefukira anakokolola kalekale.
Sanasiye mkazi, sanasiye mwana.
Anasiya sipanala ndi dzinali,
sipanalayo n'kubedwa pamaliro pomwepo.

Mdzukulu wanga Nyamazawo, wosasiyana ndi foni,
akuti kwawoko atsala owerengeka,
akutha ngati mano a nkhalamba.
Akuti mwina linayamba ngati chipongwe
chonenera munthu wokonda tulo,
pakuti tanthauzo lake ndi "kagone."

Kagone!
Ife ochezera kupirikitsa mvuu m'dimba?
Ife amene udzudzu wa ku Ndinde
umatiimbira mpaka tambala woyamba,
amene madzi akadza timawodzera chiimire pachulu,
ana paphewa, mbuzi m'khwapa?

Azakhali Fatsileni ankati dzina lathu lenileni
linkayamba ndi Tcha, kapena Mpha.
Ankalitafuna ngati nyika zosapsa,
n'kunena kuti ndibwerenso mawa.
Mawa lakelo tinali kuwakumbira manda.

Tsono talisunga la eniakeli.
Talidyetsa mapira, lanenepa.
M'kaundula wa sukulu ya Makhanga lilimo kasanu ndi kawiri,
likudula nzimbe ku Nchalo,
likugulitsa mchere pa Bangula,
lina lili m'ndende chifukwa cha ng'ombe.

Wina akadzabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja
kudzafunafuna mtsitsi wake,
tidzamupatsa mlamba wowamba ndi madzi a m'mtsuko,
tidzamuonetsa pamene panali mgwalangwa.
Kukada tidzamuyalira mphasa pakhonde
n'kumuitana ndi dzina lake m'chinenero chathu,
ife n'kutenga zitini ndi miyuni
kupita kudimba.