Wosema Zidindo

Ntchito yanga ndi kulemba chobwerera.
Pakhonde la golosale ya a Mbalule, pa Salima pano,
ndimasema mayina pa labala
ndi lezala lothyola pakati.

Lero kwabwera mesenjala wa kukhonsolo,
thukuta lili kamukamu, kapepala m'thumba la malaya:
Kamsangu ndi Chimphande tsopano ndi dera limodzi,
chidindo chikufunika Lachinayi.

Ndayeza. Mayina awiriwa sakukwana.
Ndikafinya Kamsangu,
amayi anga agona kumeneko, pansi pa mibawa.
Ndikadula Chimphande, ndiko ndinakwatira,
ndipo alamu anga amawerenga chilembo chilichonse
ngati chenje cha pamsika.

Malire ake anali kakhwawa chabe,
kouma miyezi isanu ndi itatu pachaka.
Mbuzi zinkawoloka osapempha kalata.
Koma mjigo ukafa tsidya lino
a tsidya linalo ankati si zathu izo,
nakhoma loko pa wawo.

Mesenjala akuti ofesi idzakhala pakati.
Ndamufunsa, pakati ndi pati?
Waseka, wandipempha ya kabaza.

Zidindo ziwiri zakale wandisiyira, ati ndizitaye.
Madzulo ano ndazinyowetsa ndi inki yotsala,
ndadinda pachikuto cha kope la Ndaziona,
china pamwamba pa chinzake.
Mwanayo wayang'ana, watembenuza kope,
wati ababa, apa palembedwa chiyani?

Mawa ndiyamba kusema.
Labala ndadula kale, lezala ndagula latsopano.
Dzina loti likhale patsogolo
ndilo likundidyera tulo.