Magalamu Awiri

Sikuta yanga inali ndi ulemu wambiri.
Pa raundabauti ya Katoto, mpata ukapezeka,
iyo inkayamba yatsokomola kaye,
kupepesa, kupatsa njira aliyense,
ngakhale mnyamata wopalasa njinga
atasenza matumba awiri a makala.
Chitunda cha ku Masasa ndiye osanena:
ndinkatsika n'kumakankha,
matileyi asanu ndi atatu a mazira kumbuyo,
mvula ya kuno yosadziwa kalendala
ikutsikira m'khosi mwa juzi.

Gomezgani wa ku Luwinga sanafunse zambiri.
Anayala katoni pansi, nagwada,
namasula chivindikiro cha kumanzere,
mabawuti akugwera m'kambale kong'aluka.
Nati yapakati inakana.
Anaitukwana m'Chitumbuka,
naponda sipanala ndi chidendene.
Inalira kamodzi, inagonja.

Mkatimo munali lamba, fumbi lakuda bii,
ndi tizitsulo tisanu ndi kamodzi
tonga mfundo za chala.
Marola, anatero.
Atatu anali atadyeka mbali imodzi
ngati nsapato ya munthu wotsimphina.

"Awa alemera, mama.
Injini isanakokere mpweya n'komwe
iwo athamangira kale kumphepete, akankha lamba,
akuganiza kuti muli pamsewu wa ku Ekwendeni
inu mukadali patsinde pa chitunda."

Sikelo tinakabwereka kwa a Chavula,
ogula miyala ya ku Mzimba,
kasikelo kozolowera zinthu zonyezimira.
Lakale: magalamu khumi ndi atatu.
Latsopano: khumi ndi limodzi.
Ndinaseka mpaka kugwira chipupa.
Miyezi yonseyi, msana wonsewu,
nkhani yake magalamu awiri?
Chigoba cha dzira chimalemera kuposa apo.

Tinaika opepuka onse.
Injini inakuwa ngati macheka a ku Chikangawa,
phokoso la makilomita zana,
liwiro la munthu wopita ku maliro.
Tinamasulanso. Dzuwa linapendeka,
nkhungu inayamba kukwawa m'mapaini.
Gomezgani anapukuta manja pa ovolosi,
nawaika modumphitsa:
lolemera, lopepuka, lolemera, lopepuka,
mmene amakhazikira ana aphokoso m'kalasi.
Girisi ayi, anatero, lamba sadya mafuta.
Ndinalipira zikwi zingapo ndi tileyi limodzi.

Mmawa mwake, pa Katoto pomwe paja.
Dzanja langa silinamve nawo nkhaniyi.
Linapotokola chogwirira chonse, mwa masiku onse,
monga umakuwira munthu wogontha
usakudziwa kuti wachira usiku.

Sikuta inadumpha.

Ine kutsogolo, mtima kumbuyo,
ndipo kumbuyo kwa mtimawo, phwa!
Tileyi lapamwamba linatsala pa tala.
Mazira makumi awiri ndi atatu, ndinawerenga,
achikasu akuyenderera kutsata mzere woyera.
Kondakitala wa minibasi anaomba m'manja:
"Amayi a mazira agula ndege!"
Galu wina anadya bwino tsiku limenelo.

Koma Masasa ndinakwera nditakhala.
Nditakhala, ndikukuuzani,
mapazi ouma, siketi yopanda thope,
ndikudutsa pamtengo paja ndinkapumira,
pagolosale paja ankandimvera chisoni.
NyaLuhanga anatuluka ndi ndalama m'manja
nayang'ana wotchi, nandiyang'ana ine,
nafunsa ngati kwagwa zovuta.

Sindinama, pali zomwe ndataya.
Petulo ikutha msanga pang'ono.
Pamsewu wautali, poti tyaa,
anyamata a kabaza amandipitirira akuimba malikhweru.
Apite. Makasitomala anga sakhala pachidikha.

Marola akale aja ali pawindo,
m'kachitini komwe munali mankhwala a nkhuku.
Mwana wanga Vinjeru amawagubuduza pa simenti,
atatu amafika kukhomo,
atatu odyeka aja amaima panjira, n'kugona chammbali.
Ine madzulo ndimakhala pakhonde
ndikupotokola mpweya ndi dzanja lamanja,
pang'ono, pang'ono,
kuliphunzitsa kupempha
pomwe linazolowera kukakamiza.
Zingwe za matileyi ndamanga ziwiri.