Nsapato Pakhomo

Mvula ya Julaye yakhala ikugwa chiyambire m'mawa
pa zitunda za Valparaíso,
ndipo ine ndili ndi zimangirizo makumi atatu ndi ziwiri,
cholembera chofiira, ndi tiyi amene wazizira kale.

Funso ndinalemba ndekha pa bolodi Lolemba:
zukutani khalidwe la mpangankhani wamkulu
m'filimu imene taonera,
ndipo fotokozani phunziro lake.

Filimuyo ndi ya bambo wotolera ngongole,
wa jekete yakuda, wosaseka,
amene amagogoda pa makomo a amphawi
n'kutulukamo ndi wailesi, makina osokera, ngakhale bedi.

Ana ayankha monga ndinawaphunzitsira.
Ndi wankhanza, watero Maite.
Ndi wouma mtima, watero Baltazar,
n'kubwereza mawuwo kanayi kuti tsamba lidzale.
Phunziro: umbombo sulipira.
Chonga, chonga, chonga.
Dzanja langa likungoyenda lokha
ngati chikepe cha pa chitunda chathu
chimene chakhala chikukwera ndi kutsika njanji yomweyo
ine ndisanabadwe.

Kenako pepala la Eulogio Cárcamo,
wokhala kumbuyo, pafupi ndi zenera losatsekeka lija,
amene Lachisanu amabwera akununkha nsomba
chifukwa amadzera kudoko kukathandiza amalume ake.
Walemba theka la tsamba basi,
zilembo zotsamirana ngati nyumba za kwawo.

"Aphunzitsi, bamboyu amavula nsapato.
Pa nyumba ya mayi wamasiye uja,
asanalowe kukatenga makina,
wayang'ana pansi, waona kuti angokolopa kumene,
wavula nsapato n'kuzisiya pakhomo.
Sokosi yake ndi yobooka pa chala chachikulu.
Munthu woipa zenizeni sakanaona kuti pansi panyowa.
Phunziro sindikulidziwa.
Bambo anga ankagwira ntchito yodula magetsi
m'nyumba za anthu osalipira,
ndipo masiku ena pobwera madzulo sankadya."

Ndaika cholembera pansi.

Zaka khumi ndi chimodzi ndikuonetsa filimu imeneyi.
Ndimadziwa pamene nyimbo imayambira,
pamene atsikana amabisa misozi m'manja mwa juzi,
pamene ndimaimitsa n'kunena kuti apa ndiye pampondachimera.
Nsapato sindinazionepo.

Ndayatsa kompyuta, ndabweza, ndabwezanso.
Si izo.
Pakona penipeni, m'munsi, kumanzere,
masekondi atatu kapena anayi,
pamene maso a aliyense ali pa nkhope ya mayiyo:
nsapato ziwiri zondandalikidwa bwinobwino,
ndi chala chimodzi chosuzumira pa sokosi.

Pepala la malikisi lili pambali panga, likudikira.
Chiyambi, malikisi asanu. Eulogio alibe chiyambi.
Ndime zitatu za umboni. Ali ndi imodzi, yopanda m'ndandanda.
Phunziro lotchulidwa momveka. Wakana yekha kuti sakulidziwa.
Palibe bokosi la mwana amene anayang'ana pansi
tonse tikuyang'ana m'mwamba.

Kunja galu wa a Ulloa akuuwa sitima imene sakuiona.
Ndaganiza za bambo uja wodula magetsi,
amene sindinakumane naye pa msonkhano wa makolo ngakhale umodzi,
atakhala patebulo, mbale ikuzizira,
mwana akumuyang'ana mwakachetechete
n'kumaphunzira kuwerenga munthu
asanadziwe n'komwe liwu lakuti mpangankhani.

Chofiira ndachisiya. Ndatenga pensulo.
M'munsi mwa theka la tsambalo ndalemba:
"Nsapato ndaziona, zikomo.
Komatu makinawo anawatengabe, Eulogio,
mayi uja akulira.
Anavula nsapato, koma anawatengabe.
Zonse ziwiri ndi zoona. Zikutheka bwanji?
Undilembere tsamba lina pofika Lachinayi,
ngakhale phunziro usalipeze."

Malikisi ndiika mawa.

Podzuka kuti ndikatenthetsenso tiyi
ndaona matope a mumsewu wa Almirante Montt
atadinda mapazi kuchokera pakhomo
kudzafika pansi pa tebulo langa.
Ndinalowa ndi nsapato.